Kuyenda pa Msana wa Phiri M'nyengo ya Chisanu: Malangizo a Kukonzekera, Kudutsa ndi Kutsika

Msana wa phiri ndi kamzere kopapatiza ka pamwamba pomwe mbali ziwiri zotsetsereka zimakumana, ndipo woyendapo amakhala ndi phompho kapena chitsetso kumanja ndi kumanzere komwe. M'nyengo yotentha malo otere amangofuna miyendo yolimba ndi mutu wosachita chizungulire. M'nyengo ya chisanu, kumayiko kumene kumagwa chipale chofewa, msana womwewo umasanduka malo achilendo: njira imakwiririka, miyala imakutidwa ndi ayezi, dzuwa limalowa msanga, ndipo mphepo imene kuchigwa imangogwedeza nthambi, pamwambapo imatha kugwetsa munthu wamkulu. Kuopsa kwake kwenikweni n'kwakuti palibe pobisala, komanso malo amene mungatsikirepo bwinobwino ndi owerengeka. N'chifukwa chake malangizowa akukankhira zosankha zikuluzikulu zonse ku nthawi imene mudakali pansi, thupi lili lofunda, pakuti munthu amene wazizidwa saganiza bwino ndipo sazindikira kuti maganizo ake asokonekera.

Choyamba: werengani za nyengo ya pamwamba, osati ya kuchigwa

Kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti munyamuke, yambani kutsatira zolosera za nyengo, ndipo mufunefune zimene zimakonzedwera okwera mapiri, zomwe zimanena mmene kudzakhalire pa msinkhu wakutiwakuti. Nthawi zambiri kutentha kumatsika ndi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo mpweya ukakhala wouma kumatsika ndi madigiri pafupifupi 10. Motero ngati poyambira ulendo pali madigiri 2 pamwamba pa ziro, pa msana umene uli mamita 1,200 kumtunda kwake muyembekezere madigiri 6 pansi pa ziro kapena kuzizira koposa apo, mphepo tisanaiwerengere.

Mphepoyo ndiye nambala yoyenera kuiyang'ana musanaone china chilichonse. Mpweya ukagunda phiri umapanikizika n'kuthamanga kwambiri podutsa pamwamba pake, monga mmene madzi a mumtsinje amathamangira akafika popapatiza, ndipo umathamanga koposa m'mipata ya pakati pa nsonga ziwiri. Komanso mphamvu imene mphepo imakankhira thupi siikula mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 50 pa ola imadzandiritsa munthu wobereka chikwama, ya makilomita 80 imatha kumugwetsa, ndipo ikapitirira 100 anthu ambiri amayenda chokwawa. Musangoona liwiro la nthawi zonse ayi, onaninso la mphepo yobwera mwadzidzidzi, chifukwa imeneyo ndi imene imapeza munthu ataima ndi mwendo umodzi. Kwa ine, ngati zolosera zikunena kuti mphepo yadzidzidzi ipitirira makilomita 50 pa ola, msana wopapatiza ngati Crib Goch wa ku Wales kapena Striding Edge wa pa phiri la Helvellyn ku England ndi wosiyira tsiku lina.

Musapeputse phiri chifukwa choti ndi lalifupi. Mount Washington wa ku New Hampshire, ku United States, ndi wotalika mamita 1,917 okha, koma pa 12 April 1934 pansonga pake anayezapo mphepo ya makilomita 372 pa ola. Cairn Gorm wa ku Scotland sanafike n'komwe mamita 1,300, koma mu March 1986 panadutsa mphepo ya makilomita 278 pa ola.

Mphepo imabanso kutentha kwa thupi. Pakakhala madigiri 10 pansi pa ziro ndi mphepo ya makilomita 50 pa ola, khungu losaphimbidwa limataya kutentha ngati kuli madigiri 22 pansi pa ziro, ndipo kuzizira kotereku kukafika cha m'ma 28 pansi pa ziro, mphuno ndi masaya zimatha kuundana pasanathe theka la ola. Pomaliza onani kumene nyengo ikulowera. Tsiku loyamba moipa n'kumakonzeka ndi labwino kuposa loyamba mokongola koma namondwe akuyembekezeka madzulo, chifukwa namondwe amatha kufika nthawi yake isanakwane.

Chachiwiri: funsani za mmene chipale chagonera

Madera ambiri a mapiri a ku Ulaya ndi ku North America ali ndi mabungwe amene amalengeza tsiku ndi tsiku za chiopsezo cha kugumuka kwa chipale, pa muyeso woyambira pa 1 kulekezera pa 5. Ambiri amaona nambala 3 ngati yapakatikati, yosadetsa nkhawa, koma anthu ochuluka amafera pa muyeso umenewu, popeza chipale chimakhala chosakhazikika pamene tsikulo likuoneka loyendeka.

Pamwamba penipeni pa msana nthawi zambiri sipagumuka. Vuto lili pa njira yokwerera ndi yotsikira, zomwe zimadutsa m'malo otsetsereka, ndipo chipale chimagumuka kawirikawiri pa malo opendekeka madigiri 30 mpaka 45. Dziwani kumene mphepo yakhala ikuchokera masiku apitawa, chifukwa imasesa chipale ku mbali imene ikuomba n'kukachiunjika ku mbali yobisika, komwe chimagwirana ngati chibenthu cholimba chogona pa chipale chofooka. Mukaona ming'alu ikuthamanga kuchoka pa phazi lanu, mukamva chipale chikutitimira ndi kaphokoso kakuya, kapena mukaona pamene pagumuka kumene, chokani pa malo otsetserekawo osakambirananso. Ngati njira yanu idutsa m'malo otere, aliyense akhale ndi kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro kopezera munthu wokwiriridwa, ndodo yofufuzira ndi fosholo, ndipo akhale ataphunzira kuzigwiritsa ntchito. Mwa anthu 10 okwiriridwa amene afukulidwa pasanathe mphindi 15, pafupifupi 9 amapezeka amoyo, koma nthawi imeneyi ikapitirira mwayi umatsika mofulumira, kotero kuti opulumutsa enieni ndi anzake a wokwiriridwayo.

Chachitatu: werengerani nthawi ndipo mulembe malo otulukira

Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka kawerengedwe kamene kakugwirabe ntchito mpaka lero: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola limodzi pa mamita 600 alionse okwera. Ulendo wa makilomita 12 wokwera mamita 900 ungatenge pafupifupi maola 4. Kumeneko n'kuwerengera kwa munthu wamphamvu pa njira youma, osapumira. Mu chipale chofika m'maondo, mutanyamula katundu wolemera, ulendo womwewo ungadye maola 6 ngakhale 8, pamene ku Scotland mu December kumawala maola pafupifupi 7 okha. Choncho nyamukani kusanache, ndipo mdima ngati uti ukupezeni, ukupezeni m'mawa pa njira yosavuta ya m'munsi, osati madzulo pamwamba.

Tsegulani mapu n'kulemba malo onse amene mungatsikire bwinobwino kuchoka pa msanawo, pamodzi ndi mbali ya kampasi yolowera pa malo alionse. Misana ina ilibiretu potulukira pakati, ndipo ukangoyamba umayenera kumaliza kapena kubwerera. Muyenera kudziwa zimenezi musanapondepo. Kenaka gwirizanani ola lobwererapo, monga 1 koloko masana, ndipo likakwana mutembenuke ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Ola limeneli muligwirizane nonse mudakali pansi, chifukwa pamwamba sipalephera kupezeka wina wonena kuti kwatsala pang'ono.

Musamange dongosolo lanu pa chiyembekezo chokafika pa kanyumba kobisalamo kamene kali pamwamba. Mu November 1971 gulu la ana asukulu ochokera ku Edinburgh linagwidwa ndi namondwe pa chitunda chathyathyathya cha Cairngorm likufunafuna kanyumba kotere, ndipo linagona panja mausiku awiri pa mtunda waufupi chabe kuchokera pamene kanali. Ana asanu ndi wothandizira mtsogoleri wawo anamwalira. Patapita zaka zochepa tinyumba ta pamwamba m'deralo tinagwetsedwa, poona kuti tinkakopa anthu kupitirira m'nyengo imene anayenera kubwerera, chonsecho mu chipale chouluka sitinkapezeka.

Musanachoke, siyirani munthu wodalirika njira yanu yolembedwa, chiwerengero cha anthu, ndi ola limene ayenera kuitana opulumutsa ngati simunamveke. Kuyenda nokha pa msana m'chisanu sindikulimbikitsa kwa munthu amene akufunikabe kuwerenga malangizo ngati ano.

Chachinayi: valani mosanjikiza, ndipo mupewe thukuta

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 poyerekeza ndi mpweya, choncho chovala chonyowa pa msana wa mphepo ndi mdani woposa kuzizira kwenikweniko. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kulisunga, ndipo isakhale pathupi panu ngakhale ngati sokosi kapena chovala cham'kati. Pakhungu valani chovala cha ubweya wa nkhosa kapena cha ulusi wopangidwa m'fakitale chomwe chimauma msanga, pamwamba pake juzi yofunda, ndipo kunja kwenikweni jekete ndi thalauza zotchinga mphepo ndi madzi. Jeketeyo ikhale ndi chophimba kumutu chomangika bwino. M'chikwama musungemo jekete ina yokhuthala, yaikulu moti n'kuvalika pamwamba pa zonse, yovala mukangoima.

Poyamba kukwera muzimva kazizirira pang'ono. Amene amanyamuka atafunda bwino amakhala atanyowa thukuta pakangotha mphindi 20, ndipo thukuta limenelo ndi limene lidzamuzizire akafika pamphepo. Mukamva kutentha, tsegulani zipi kapena vulani chovala chimodzi musananyowe.

Magolovesi tengani mapeya osachepera awiri, atatu n'kwabwino koposa: opyapyala ogwirira zinthu, okhuthala oyendera, ndi ena osagawa zala osungira tsoka, popeza zala zikakhala pamodzi zimafunditsana. Golovesi imene yagwa pa msana imapita ndi mphepo osaonekanso, choncho golovesi iliyonse imene mwavula muziilowetsa m'jekete. Onjezani chipewa, chophimba nkhope yonse, magalasi a dzuwa, ndi magalasi akuluakulu omatirira kunkhope. Omalizawa ambiri amawasiya, koma mphepo ikayamba kuulutsa tizidutswa ta ayezi munthu wopanda magalasi otere satha kutsegula maso, ndipo wosaona sangawerenge kampasi. A dzuwawo ndi ofunika ngakhale kuli mitambo, chifukwa chipale chatsopano chimabweza mbali yaikulu ya cheza cha dzuwa, chomwe chimapsereza maso n'kuchititsa ululu woyamba patapita maola angapo.

Chachisanu: zida

Jombo zikhale zolimba pansi, zosapindika, zoti zigwirizane ndi zitsulo zamano zomangirira kuphazi zotchedwa crampons. Palinso timaunyolo ta timano tifupitifupi tomwe timakoledwa pa nsapato wamba. Timeneti n'tothandiza pa njira yoterera yosatsetsereka kwambiri, koma pa chipale cholimba chopendekeka timapereka chidaliro chabodza. Yesani zitsulozo pa jombo zanu muli kunyumba, ndipo muyeserere kuzimanga mutavala magolovesi.

Nkhwangwa ya pa ayezi ndi chida chachiwiri, ndipo kuinyamula osadziwa kudziimitsa nayo n'chimodzimodzi kusakhala nayo. Luso limeneli limaphunziridwa kwa mlangizi, pa malo otsetsereka pang'ono opanda miyala kumunsi, mpaka manja atazolowera kuchita okha. Ndodo zoyendera zimathandiza pokwera ndi pochirikiza thupi mumphepo, koma siziimitsa munthu amene wayamba kutsetsereka.

Zotsalazo ndi mapu a papepala m'thumba losalowa madzi, kampasi, tochi ya pamutu ndi mabatire apadera, wezulo, zomangira mabala, kamphasa kokhalira, ndi chihema chadzidzidzi chonga thumba lalikulu chomwe gulu lonse lingalowemo n'kukhala pansi. Foni ndi GPS n'zothandiza, koma kuzizira kumatha batire mofulumira, choncho foni ikhale m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi. Kumene kulibe netiweki, kachipangizo koitanira thandizo kudzera pa setilaiti n'koyenera kulemera kwake. Madzi aikeni m'botolo la kukamwa kwakukulu, lokutidwa, ndipo muliike chozondotsa, chifukwa madzi amayamba kuundana pamwamba. Chakumwa chotentha chikhale m'fulasiki. Chakudya chikhale choduladula kale, chokhala ndi shuga ndi mafuta, chosalimba ngati mwala chikazizira, ndipo chikhale m'thumba lofikirika osavula chikwama.

Chachisanu ndi chimodzi: imani pa malo omaliza obisika

Musanatulukire pamtunda, kaya ndi pothera mitengo kapena kuseri kwa thanthwe, imani. Ambiri amadutsa pamenepa chifukwa thupi lili lotentha ndipo miyendo yazolowera, n'kukayamba kulimbana ndi zipi ndi zingwe ali kale pakati pa mphepo, zala zitauma. Chitani zonse pano: idyani, imwani, valani jekete yotchinga mphepo, mangani zitsulo za kuphazi, tulutsani nkhwangwa, ikani magalasi ndi chophimba nkhope pafupi, ndipo mukonzeretu kampasi kuloza mbali yoyamba. Mangani zingwe zonse zolendewera pa chikwama, chifukwa mumphepo zimakwapula kumaso.

Kenaka yerekezani zimene mukuona ndi zimene zolosera zinanena. Ngati pamwamba pakuoneka chipale chikufuka ngati utsi kuchoka pa msana, mphepo kumeneko ndi yamphamvu ngakhale pamene mwaimapo pali bata. Onani wotchi, ndipo ngati mwachedwa kale ndi ola lathunthu, musayembekezere kuti mukafulumira pa gawo lovuta. Funsani aliyense payekha mmene akumvera, zala za kumapazi zikumveka kapena ayi, ndipo mumvetsere kwambiri amene wangoti zii, pakuti wotopa kwambiri nthawi zambiri ndi amene safuna kukhumudwitsa anzake. Pano ndi pamene kubwerera n'kosavuta kuposa pena paliponse.

Chachisanu ndi chiwiri: kuyenda pa msana

Chinthu choyamba kuchisamala ndi mlomo wa chipale wolendewera. Mphepo ikamaomba kudutsa msana imamanga chipale chotulukira kunja ku mbali yobisika, chonga denga lopanda mzati, ndipo chimatha kutalika mamita angapo. Mukachiyang'ana muli pamwamba pake chimaoneka ngati nthaka yabwino yosalala. Tsoka silinunkha. Choopsa china n'chakuti mlomowu suthyokera m'mphepete mokha, umatha kung'ambikira kumbuyo, pamwamba pa nthaka yeniyeni, n'kukokera pansi munthu amene amadziona kuti ali patali. Choncho yendani ku mbali imene mphepo yakhala ikuchokera, m'munsi pang'ono mwa mzere wa pamwamba, makamaka pomwe miyala ikuonekera. Mapazi a anthu amene anadutsa kale si umboni woti malowo ndi olimba. Musapite m'mphepete kukasuzumira kapena kukajambula.

Mutavala zitsulo za kuphazi, yendani motangadza miyendo pang'ono kuti mano asakole thalauza kapena chingwe cha phazi linalo, chifukwa kugwa kochuluka kumayamba motero. Pondani phazi lonse kuti mano onse alume, osati m'mbali mwa jombo monga mumachitira pa dothi. Chipale chikakhala chonyowa chimaundana pansi pa zitsulo n'kukwirira mano, ndipo muzichigogoda ndi mpini wa nkhwangwa pafupipafupi. Nkhwangwayo igwireni pamutu pake ndi dzanja la kumtunda, msonga wake utaloza kumbuyo, ndipo muzizika mpini musanasunthe mapazi. Mukaterereka, yesani kaye kukanikiza mpiniwo pansi nthawi yomweyo. Zikakanika, gwirani nkhwangwa mopingasa pachifuwa, gubudukani chafufumimba, kanikizani msonga wake mu chipale pafupi ndi phewa ndi kulemera kwa thupi lonse, ndipo mukweze mapazi m'mwamba kuti mano a zitsulo asakole n'kukutembenuzani. Zonsezi ziyenera kuchitika m'kamphindi koyamba, liwiro lisanakule.

Samalaninso ndi ayezi wopyapyala woonekera, amene amakuta miyala mvula kapena nkhungu ikaundana. Mwala umangooneka ngati wanyowa, koma phazi silimagwira.

Mphepo yamphamvu imamveka ikubwera. Mukaimva, imani, tangadzani miyendo, weramani, zikani nkhwangwa kapena ndodo, ndipo muyambenso kuyenda ikadutsa. Pa malo opapatiza kwambiri dutsani mmodzimmodzi, ndipo kukwawa si chamanyazi. Gulu liyende mothithikana moti aliyense aziona wapatsogolo ndi wapambuyo pake, wofooka akhale wachiwiri, ndipo wodziwa zambiri wina akhale kumapeto. Popeza mawu samveka mumphepo, gwirizanani zizindikiro za manja zotanthauza kuima ndi kubwerera. Za chingwe ndinene mwachidule: kumangirirana anthu osaphunzira kugwiritsa ntchito chingwe kumangochititsa kuti wogwa mmodzi akokere anzake onse kuphompho.

Kupuma kukhale kwa mphindi zisanu kapena kucheperapo, pafupipafupi, kuseri kwa mwala ngati ulipo, mutavala jekete yokhuthala ija. Idyani kanthu ola lililonse ngakhale njala isanakupwetekeni, chifukwa thupi lopanda chakudya silipanga kutentha.

Chachisanu ndi chitatu: zonse zikayera mbuu

Nkhungu ikakumana ndi chipale, kumwamba ndi pansi zimafanana, ndipo munthu satha kusiyanitsa chokwera ndi chotsika, ngakhale m'mphepete mwa phompho. Mukaona mtambo ukubwera, dziwani pamene muli pa mapu usanakufikeni. Kuyambira pamenepo yendani ndi kampasi, mtunda waufupi uliwonse pawokha, mukuwerenga mapazi. Muyenera kudziwiratu kuti mumaponda kangati ndi phazi limodzi pa mamita 100. Kwa ambiri ndi pakati pa 60 ndi 70 pa malo athyathyathya, ndipo nambalayi imakwera mu chipale chakuya. Khulupirirani kampasi koposa mmene mukumvera, chifukwa munthu amapatuka pang'onopang'ono kuthawa mphepo yomuomba kumaso osadziwa. Kampasiyo italikirane ndi foni ndi zitsulo.

Kuti muone kufunika kwa kulondola kotere, taganizirani za Ben Nevis, phiri la mamita 1,345 lomwe ndi lalitali koposa onse ku Britain. Wotsika pansonga pake mu nkhungu amalangizidwa kuyenda mamita 150 molunjika madigiri 231 a pa mapu, kenaka kutembenukira ku madigiri 282. Akafulumira kutembenuka amalowera ku maphompho a kumpoto, ndipo akapatukira kwambiri kumanzere amakalowa m'chigwembe chotchedwa Five Finger Gully, momwe mwafera anthu. Ngati simukuona pansi patsogolo panu, ponyani mpira wa chipale kutsogolo n'kuona pamene wagwera, ndipo ukangosowa osagwera paliponse, musapitirire.

Chachisanu ndi chinayi: yang'ananani

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo kutentha kwa m'kati kukatsika kufika pansi pa 35 munthuyo ali pangozi. Zizindikiro zoyamba amaziona ndi anzake, osati mwini wake: kupunthwapunthwa, kulankhula mokoka lilime, kulephera kutseka zipi, kukwiya popanda chifukwa, kapena kusasamalanso kanthu. Mukaona zimenezi musamulimbikitse kuti apirire mpaka pansonga. Mulowetseni m'chihema chadzidzidzi, mukhazikeni pa chikwama kapena pa kamphasa kuti asagunde chipale, muvekeni zouma ndi zofunda, ndipo ngati ali maso ndipo akumeza bwino mupatseni chakumwa chotentha cha shuga ndi chakudya. Mowa ayi, chifukwa umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutaya kutentha kumene kwatsala. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, kapena akayamba kuvula zovala, vutolo lakula. Mugonekeni, mumugwire mosamala kwambiri popeza kumugwedeza kungasokoneze kagundidwe ka mtima, musamutikite manja ndi miyendo, ndipo itanani thandizo.

Muziyang'anananso kumaso. Kadontho koyera kolimba pa tsaya, pamphuno kapena pakhutu ndi chiyambi cha kuundana kwa khungu, ndipo mwini wake samva kanthu. Phimbani malowo ndi dzanja lofunda mpaka mtundu ubwerere, ndipo zala zikachita dzanzi zilowetseni m'khwapa. Musatikite, ndipo musapake chipale, ngakhale kuti ena amakhulupirira zimenezo. Ngati chiwalo chaundana mpaka m'kati, musachisungunule pamene chingaundanenso, chifukwa kuundana kachiwiri kumawononga koposa. Chikasungunulidwe pamalo otetezeka, m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, osati pamoto, ndipo munthuyo aonedwe ndi achipatala.

Chakhumi: kuitana thandizo, ndi kutsika

Wina akavulala kapena mukasochera, itanani thandizo msanga, kusanade, chifukwa opulumutsa oyenda pansi amatenga maola kuti afike ndipo ndege siuluka mu namondwe. Nambala yoitanira thandizo ndi 112 ku Ulaya, 999 ku Britain komwe mumapempha apolisi kenaka opulumutsa a m'mapiri, ndi 911 ku United States ndi ku Canada. Nenani malo enieni amene muli, chiwerengero cha anthu, chimene chachitika ndi mmene nyengo ilili. Netiweki ikakhala yofooka, uthenga wolemba umatha kudutsa pamene kuimba kwakanika. Chizindikiro cha ngozi cha m'mapiri a ku Ulaya ndi kuliza wezulo kapena kuthwanimitsa tochi kasanu ndi kamodzi, kudikira mphindi imodzi, n'kubwerezanso, ndipo wakumva amayankha katatu. Ku North America chozolowereka ndi kuliza katatu. Musasiye kuliza mukamva yankho, popeza phokosolo ndi limene likuwatsogolera. Podikira, tsikani pang'ono kuchoka pamphepo ngati n'kotheka kutero bwinobwino, valani zonse zimene muli nazo, ndipo mukhale mothithikana.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, kutsika kumafuna chidwi chofanana ndi kukwera, mwinanso choposa, chifukwa miyendo yatopa, kuwala kukuchepa, ndipo chipale chimene chinafewa masana chimayamba kuuma n'kuterera dzuwa likapendeka. Musanachoke pa msana tsimikizani ndi kampasi kuti mukutsikira mbali yoyenera, ndipo musakopeke ndi chigwembe chooneka ngati chidule chimene simunachilembe pa mapu muli kunyumba, pakuti zigwembe zambiri zimayamba mofatsa n'kukathera pa thanthwe loimirira. Pa malo otsetsereka kwambiri tembenukani kuyang'ana kuphiri n'kumatsika chambuyo, mukumenya mano akutsogolo mu chipale. Musatsetsereke chokhala pansi mutavala zitsulo za kuphazi, chifukwa dzino limodzi likakola, bondo kapena kakolo amathyoka. Tochi ikhale pamutu kusanade, zitsulo muzivule pokhapokha ayezi atatheratu pa njira, ndipo mukangofika pamene pali netiweki mudziwitse munthu uja munamusiyira dongosolo lanu kuti mwatsika, asanayambe kuitana opulumutsa.